Kugwa kwa Mzinda wa Atlanta ndi Chisankho cha Lincoln mu 1864

Pa 23 Ogasiti 1864, Pulezidenti wa America, Abraham Lincoln, adalemba mawu ochepa pa kapepala, nakapinda, nakamata. Nduna zake zitasonkhana, adazipempha kuti zisayine kumbuyo kwa kapepalako osawerenga zam'kati. Zam'katimo zidali zakuti iye akuona kuti boma lake silidzasankhidwanso, ndipo zikadzatero adzagwirizana ndi wopambanayo kuti dziko lipulumuke mtsogoleri watsopanoyo asadalumbire. Apa n'kuti kutatsala masabata 11 kuti anthu aponye voti.

Mtima wa Lincoln sudafooke pachabe. Nkhondo yapachiweniweni ya zigawo za Kumpoto ndi za Kummwera idayamba mu 1861, ndipo gwero lake lidali ukapolo wa anthu akuda pafupifupi 4 miliyoni. Pofika 1864 anthu a Kumpoto adali atatopa ndi maliro. M'miyezi ya Meyi ndi Juni, mkulu wa asilikali Ulysses Grant adataya anthu oposa 50,000 ku Virginia, ena kufa, ena kuvulala, ena kusowa, koma likulu la Kummwera la Richmond osalilanda. Mu Julayi gulu la Jubal Early la Kummwera lidafika mpaka m'mphepete mwa Washington.

Owerenga anzanga, mfundo yofunika kuigwira nayi: a Kummwera sankafunikira kugonjetsa a Kumpoto. Chawo chidali kupirira mpaka Novembala, kuti ovota otopawo amuchotse Lincoln naikepo munthu wokonda zokambirana. Mkulu wa asilikali oteteza Atlanta, Joseph Johnston, adamenya nkhondo yogwirizana ndi zimenezi. Kuchokera ku Dalton ankabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, kukumba ngalande zobisalamo, kusunga anthu ake. Pa 27 Juni William Sherman atayesa kumulowera maso ndi maso pa phiri la Kennesaw, adabwezedwa atataya anthu ambiri. Makolo adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pulezidenti wa Kummwera, Jefferson Davis, kudekhako kudamukanika. Poona kuti Johnston wabwerera mpaka pakhomo pa Atlanta, pa 17 Julayi adamuchotsa naikapo John Bell Hood, munthu wolimba mtima koma waphuma. Hood adatuluka m'malinga katatu m'masiku 9: ku Peachtree Creek pa 20 Julayi, kum'mawa kwa mzindawo pa 22, ndi ku Ezra Church pa 28. Konseku adabwezedwa, nataya asilikali zikwizikwi amene a Kummwera adalibe kowapezanso. Nkhondo ya pa 22 Julayi ndiyo imatchedwa ya Atlanta, ngakhale mzindawo sudagwe tsiku limenelo. (Ana asukulu ambiri amasokoneza apa, ndipo sindiwadzudzula.)

Atlanta udali mphambano ya njanji, ndipo Sherman adaona kuti kudula njanjizo n'kokwanira. Kumapeto kwa Ogasiti adazungulira ndi gulu lake lalikulu chakummwera kwa mzindawo, ndipo pa nkhondo ya ku Jonesborough, pa 31 Ogasiti ndi 1 Seputembala, adadula njanji yotsiriza, yopita ku Macon. Usiku womwewo Hood adatentha mabogi a zipolopolo nathawa. Pa 2 Seputembala a Kumpoto adalowa mumzindawo.

Tsono taonani masiku. Chipani cha Democratic chidachita msonkhano wake waukulu ku Chicago kuyambira pa 29 mpaka 31 Ogasiti. Chidasankha George McClellan, mkulu wa asilikali amene Lincoln adamuchotsa pa udindo mu 1862, ndipo m'mfundo zake chidalemba kuti nkhondoyo yalephera, iimitsidwe. Chakudza sichiimba ng'oma: padangopita masiku awiri, Atlanta nkugwa. Mfundo ija idasanduka mtolo wa minga, moti McClellan mwini wake adaikana m'kalata yovomera kuimira chipanicho. Kupambana kwa David Farragut ku Mobile Bay pa 5 Ogasiti, kumene anthu sadakulabadire kwenikweni, tsopano kudaoneka kwatanthauzo, ndipo Philip Sheridan adawonjezera kupambana kwina m'chigwa cha Shenandoah mu Seputembala ndi Okutobala.

Pa 8 Novembala Lincoln adapeza mavoti pafupifupi 55 mwa 100 alionse. Ku America pulezidenti amasankhidwa kudzera mwa nthumwi za zigawo, ndipo apa adapeza 212, McClellan 21, wa ku New Jersey, Delaware ndi Kentucky basi. Mwa asilikali amene mavoti awo adawerengedwa padera, oposa atatu mwa anayi alionse adavotera Lincoln, kukana mkulu wawo wakale.

Akatswiri a mbiri amatsutsanabe ngati Lincoln akadagonjadi Atlanta ukadapanda kugwa, ndiponso ngati Johnston akadausunga mzindawo mpaka Novembala. Ine ndimati Johnston mwina akadautaya ndithu, koma mochedwerapo, ndipo pa nkhaniyi masabata ochepa adali a mtengo wapatali. Nanga McClellan akadapambana? Iye ankafuna dziko likhale limodzi, koma kumasula akapolo sadakuike kukhala chofunika kuti mtendere ubwere. Lamulo losintha malamulo aakulu a dziko kuti ukapolo uthe lidali litakanika m'nyumba ya malamulo yaing'ono mu Juni 1864. Chisankho chitapita, lidadutsa pa 31 Januwale 1865.

Kapepala kaja kadakhala m'kabati mpaka pa 11 Novembala 1864. Tsiku limenelo Lincoln adakatulutsa pa msonkhano wa nduna, mlembi wake John Hay nakamatula, ndipo Pulezidentiyo adawerengera ndunazo mawu amene zidasayinira osawaona.