Chimene Chinkawatengera ku Keyala

M'chaka cha 1911 boma la atsamunda linathetsa batalioni yachiwiri ya King's African Rifles, gulu limene anthu ankalitcha Keyala, pofuna kuchepetsa ndalama zowononga. Asilikali a ku Nyasaland amene anachotsedwa ntchito sanabwerere onse kukagwira khasu. Ambiri ndithu anawoloka mtsinje wa Songwe nakalembetsa usilikali kwa Ajeremani ku Neu Langenburg, tawuni imene lero timaitcha Tukuyu, poti kumeneko malipiro anali abwinopo. Patangopita zaka zitatu nkhondo inabuka, ndipo ena mwa anthuwa anapezeka akuloza mfuti kwa anzawo omwe ankadyera nawo mbale imodzi ku Zomba. Aliyense wofuna kunena kuti makolo athu ankapita ku Keyala chifukwa chokonda mfumu ya ku Mangalande ayambe wafotokoza nkhani imeneyi.

Ena mwa oyamba kugwira mfuti ya mzungu kuno anali Atonga a ku Nkhata Bay. Kampani ya African Lakes, ya Mandala ija, itayambana ndi Mlozi ku Karonga kuyambira mu 1887, inalemba Atonga ambirimbiri kuti aimenyere nkhondo. Atongawa anali atazolowerana kale ndi amishoni a ku Bandawe, ankadziwa kuti ntchito ya mzungu imabweretsa nsalu, ndiponso anali atatopa ndi zaka zambiri zothawa Angoni. Kwa mnyamata wokulira m'linga, mfuti inali chitetezo, inalinso malipiro. Harry Johnston atafika mu 1891 ndi asilikali ake achi Sikh ochokera ku India, anapitiriza kulemba anthu omwewa, mpaka mu 1896 panakhazikitsidwa gulu la Central African Rifles, limene pa 1 Januwale 1902 linasanduka mbali ya King's African Rifles.

Chodabwitsa n'chakuti amene anadzadzaza gululi anali anthu omwe gululo linangowagonjetsa kumene. Pakati pa 1891 ndi 1895 Johnston anathyola mphamvu za mafumu achiyawo monga Makanjira, Zarafi, Kawinga ndi Matipwiri. Malonda a minyanga ndi akapolo, amene ankalemeretsa mafumuwa ndi kupatsa anyamata awo ntchito yoperekeza maulendo a kugombe, anatsekeka. Ayawo ambiri anali Asilamu, choncho sankatumiza ana kusukulu za mishoni, kumene kunkachokera makalaliki ndi aphunzitsi. Mnyamata wodziwa mfuti ndi maulendo ataliatali, wopanda pepala la sukulu, akanalowera kuti? Kampu ya asilikali ku Zomba inali pakhomo pomwepo. Akuluakulu a nkhondo achingelezi ataona Ayawo akubwera ambiri anagamula kuti umenewu ndi "mtundu wankhondo", wobadwa ndi magazi a usilikali. Maganizo amenewa anabwera nawo kuchokera ku India, ndipo ankawapeputsira mutu, poti sankafunikanso kufunsa chimene chatseka njira zina zonse. Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique anazindikira msanga zimenezi, moti ena polembetsa ankangonena kuti ndi Ayawo.

Nthawi imeneyo nkhondo zinali za kutali. Asilikali a kuno anatumizidwa ku Mauritius mu 1899, ku Ashanti m'dziko la Ghana mu 1900, ndi ku Somaliland, kumene mu Epulo 1903 ambiri a batalioni yachiwiri anaphedwa pa Gumburu ndi ankhondo a Mohammed Abdullah Hassan. Uthenga wa maliro unkafika m'midzi, komabe anyamata sanaleke kubwera. Msonkho wa nyumba unali utayamba kuluma, ndipo pofika 1912 unakwera kufika mashiling'i 8, kapena 4 kwa amene wagwirira mzungu ntchito mwezi wathunthu. Okhala m'maesiteti a ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje anali ndi thangata pamutu. Poyerekeza ndi zimenezo, msilikali ankadya nyama, ankavala yunifolomu ndi chisoti chakuda, ndipo akafika kumudzi ngakhale nyakwawa inkamupatsa mpando.

Nkhondo ya 1914, imene anthu anaitcha ya chiwaya, ndiyo inasokoneza kusiyana kwa kufuna ndi kukakamizidwa. Inayambira panyanja pa 13 Ogasiti, pamene sitima ya Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Liuli, kenako pa 9 Sepitembala kunamenyedwa nkhondo ya ku Karonga. Pomwe inkatha mu Novembala 1918, anthu a ku Nyasaland pafupifupi 19,000 anali atavala yunifolomu, ndipo pafupifupi 200,000 anali atasenza katundu wa nkhondo ngati amtengatenga. Zonsezi m'dziko limene anthu ake ankangopitirira pang'ono miliyoni imodzi.

Manambala awiriwa tiziwawerengera limodzi, chifukwa yachiwiri ndiyo imafotokoza yoyamba. Utengatenga sinali ntchito yoti munthu n'kuifuna. Mafumu ankapatsidwa chiwerengero cha amuna oti apereke. Apolisi ndi amesinjala ankafika usiku, ndipo mwamuna akathawira kuthengo ankagwira mkazi wake kufikira mwiniwake atadzipereka. Wogwidwayo ankasenza katundu wolemera kudutsa mapiri a kumwera kwa Tanganyika, mvula ili pamsana, chakudya chosakwana, kamwazi ndi chibayo zikupulula anthu m'njira. Tsono taganizani mnyamata amene akudziwa kuti mwezi uno kapena wamawa dzina lake litchulidwa. Akalembetsa yekha usilikali alandira ndalama yoposa paundi imodzi pamwezi, pamene wa kuesiteti ankalandira mashiling'i owerengeka. Apatsidwa bulangeti, chakudya, mfuti, ndipo katundu wake asenza ndi wina. M'mabuku a boma munthu ameneyu analembedwa kuti anabwera mwa kufuna kwake. Bodza silinalipo kwenikweni, koma choonadi chake n'chopyapyala.

Sikuti onse ankathawa chinachake. Olemba usilikali ankayenda m'midzi ndi gulu la malipenga ndi ng'oma, asilikali atavala mochititsa kaso, akuguba mwadongosolo pabwalo la mfumu, atsikana akuonerera. Wolemba mbiri Melvin Page, amene m'zaka za m'ma 1970 anacheza ndi nkhalamba zambiri zomwe zinamenya nkhondoyi, anapeza zifukwa zosakanikirana: ndalama poyamba, kenako kufuna kuoneka mwamuna, kutsatira mbale kapena bwenzi, kumvera mfumu ya m'mudzi. Kwa Angoni ena, amene zishango zawo zinali zitapachikidwa kuyambira pamene mfumu yawo Gomani inaphedwa mu 1896, nkhondoyi inali mpata wochita zomwe ankangomva kwa atate awo. Za mfumu George ndi mkangano wa ku Ulaya, ambiri sankadziwa n'komwe chimene chinayambitsa.

Amene anafunsa funso limeneli poyera anali John Chilembwe. Iye anali atadandaula kale za asilikali otumizidwa ku Ashanti ndi ku Somaliland, ndipo mu Novembala 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yake inali yakuti anthu osauka, opanda chawo m'dziko lawo lomwe, akuitanidwa kukafera mlandu wa eni, n'kusiya amasiye, pamene pa mtendere saonedwa ngati anthu. Boma linaletsa kalatayo kufalitsidwa. Pa 23 Januwale 1915 Chilembwe anaukira, ndipo ena mwa amene anatumidwa kukazimitsa kuukirako anali asilikali akuda a Keyala omwe iye ankawalankhulira.

Nkhondo itatha, obwerera anabwera ndi fuluwenza, mabala, ndi kagubidwe ka usilikali. Magule a beni, malipenga ndi mganda anafalikira m'zaka zimenezi, ovina atavala zoyera, ali ndi maudindo onga a usilikali, akuguba m'mizere. Mwana wokulira m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja m'ma 1920 ndi 1930 ankaona ulemerero wa usilikali pabwalo chaka ndi chaka, osaona matenda a m'misasa.

Ana amenewo ndiwo anali amsinkhu pamene nkhondo ya Hitler inkayamba mu 1939. Koma dziko linali litasintha. Tsopano mnyamata wofuna ndalama anali ndi njira zingapo: Wenela inkatengera anthu kumigodi ya ku Joni, ena ankapita kuminda ya ku Southern Rhodesia, ena ankadziyendera okha wapansi. Usilikali unasanduka umodzi mwa maulendo a kunja, ndipo unayenera kupikisana ndi migodi. Unali ndi zokopa zake. Msilikali sankakhoma msonkho, mbali ya malipiro ake inkatumizidwa kwa mkazi kapena mayi kudzera kwa DC, ndipo nkhondo ya makono inkafuna madalaivala, amakaniko, otumiza mauthenga, makalaliki ndi othandiza m'zipatala. Apa ndi pamene ophunzira a ku Livingstonia, ku Blantyre ndi ku Nkhoma, amene kale ankayesa usilikali ntchito ya osaphunzira, anayamba kulembetsa. Kuphunzira kuyendetsa lole kwaulere chinali chuma chokhalitsa kuposa mendulo. Panalinso nkhani imene inkamveka: Mussolini anali atalanda Ethiopia mu 1935 ndi 1936, ndipo owerenga nyuzipepala ankadziwa zimene Hitler ankanena za anthu akuda. Kwa ochepa, makamaka aphunzitsi, chimenechi chinali chifukwa chenicheni. Komabe mafumu anapatsidwanso ziwerengero, ndipo mfumu yofuna kukondweretsa boma inkadziwa nyumba zoyambira: za osakhoma msonkho, za obwera, za amene inali nawo chifukwa.

Anthu pafupifupi 30,000 a ku Nyasaland analowa usilikali pa nkhondoyi. Anamenya pa Moyale m'malire a Kenya ndi Ethiopia mu Julaye 1940, dzina limene lili pa kampu ya ku Mzuzu lero, pa Tug Argan ku Somaliland mwezi wotsatira, ku Madagascar mu 1942, ndi m'chigwa cha Kabaw ku Burma mu 1944, m'matope ndi malungo. Pobwerera ambiri ankayembekezera ntchito, malo kapena ngongole zoyambira bizinesi. Ochepa anatsegula timasitolo ndi kugula malole. Ochuluka ndalama zinawathera, nalowera ku Joni ngati anzawo onse.

Za pambuyo pake tingazidutse mofulumira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 mabatalioni a kuno anakamenya ku Malaya, ndipo pofika nthawi imeneyo usilikali unali ntchito yokhazikika, yomwe mwana ankatengera kwa bambo ake m'malaini a ku Zomba. Mu 1964 batalioni yoyamba inasanduka Malawi Rifles. Kwa nthawi yoyamba mawu oti "kuteteza dziko" anakhala ndi tanthauzo lomveka, ngakhale kuti nkhondo imene asilikali a Malawi analowamo kuyambira mu 1987 inali ya kutsidya kwa malire, kulondera njanji ya ku Nacala kwa zigawenga za Renamo. Njanjiyo inali njira ya katundu wathu, choncho apa mlandu sunali wa eni okha.

Lero palibe mfumu yopatsidwa chiwerengero, palibe mesinjala wogogoda usiku. Zinthu zatembenuka: Malawi Defence Force ikalengeza kuti ikulemba ntchito, achinyamata a MSCE, anyamata ndi atsikana omwe, amadzaza mabwalo a m'maboma kuposa malo amene alipo, ndipo ambiri amabwezedwa. Amene apambana amakaphunzira ku MAFCO ku Salima akudziwa bwino kuti akhoza kutumizidwa ku DRC, kumene asilikali athu akhala ali kuyambira mu 2013 m'gulu la United Nations lololedwa kumenya nkhondo. Amadziwanso kuti ulendo umodzi wa kumeneko ungamangitse nyumba imene malipiro a pamwezi sangamange. Ine sindiona chochititsa manyazi pamenepo, ndipo sindikhulupirira kuti kulowera ndalama kumachepetsa kulimba mtima kwa munthu akafika pamoto. Mu Novembala 2018, pafupi ndi Beni, asilikali a Malawi asanu ndi mmodzi anaphedwa pomenyana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi wa iwo, Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu Meyi 2019 United Nations inapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Mu Januwale 2025 ena atatu anafa pa nkhondo yolimbana ndi M23 kufupi ndi Goma, ndipo mwezi wotsatira boma linalamula kuti gulu limene linapita pansi pa SADC likonzekere kubwerera kumudzi.