Mchinji: njanji inafika, katundu nakwera thiraki

Malole asanabwere, katundu wa pakati pa Fort Manning ndi Fort Jameson ankayenda pamutu pa amtengatenga. Mabomawa, omwe lero ndi Mchinji ndi Chipata, anamangidwa pa nthawi imene Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898. Azungu atatsegula minda ya fodya ku Fort Jameson anaona kuti kulowera kuzambwe n'kudzipha, poti pakati pali mtsinje wa Luangwa ndi mapiri ake. Fodya wawo ankadzera ku Nyasaland, ndipo njanji itafika ku Salima mu 1935, malole anayamba kukamutula kumeneko.

Boma la Kamuzu Banda linkafuna kuti ntchitoyi ikhale ya sitima. Ndi thandizo la Canada, njanji yochokera ku Lilongwe inafika ku Mchinji mu 1980. Anzathu a ku Zambia anayamba mbali yawo mu 1982, kamtunda kosakwana makilomita 30, koma anadzaitsegulira mu 2010. Zaka 28! Mwana wobadwa ntchito ikuyamba anali atakwatira kale.

Chimene chinakuza chipata cha pamalire cha Mchinji ndi nkhondo ya ku Mozambique. Pofika 1984 zigawenga za Renamo zinali zitadula njanji zonse ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, Malawi n'kukhala ngati nyumba yotsekeredwa kunja. Fodya, tiyi ndi shuga zinayamba kupita ku Durban pamsewu, feteleza n'kumabwera njira yomweyo. Madalaivala ena ankadzera ku Tete, mathiraki atandondozana, asilikali a Zimbabwe akuwaperekeza kuchokera ku Nyamapanda mpaka ku Zobue. Asilikaliwo atachoka mumsewuwo kutsatira mgwirizano wa ku Rome wa Disembala 1990, kudutsa ku Tete kunasanduka kusewera ndi imfa. Njira inatsala ndi yozungulira: Harare, Chirundu, Lusaka, kenako Great East Road, kuwoloka mlatho wa Luangwa, kukwera mapiri ndi giya wamkulu mpaka Chipata ndi Mwami, mbali ya Zambia ya malirewo. Ulendo wa ku Durban unkapitirira makilomita 3,000, ndipo mtengo wake ankaulipira ndi mayi wogula sopo kugolosale.

Pachipata dalaivala ankaphunzira kudikira. Mapepala ankadindidwa kawiri, ku Mwami ndi ku Mchinji, ndipo likasowa limodzi, kugona n'komweko. N'chifukwa chake thiraki ya ulendo wautali siisowa mbaula, poto, kathumba ka ufa ndi kapenta. Nsima amaphikira pamthunzi wa ngolo, chitseko cha bokosi la zida chitasanduka tebulo, maso ali pathanki kuopa opopa dizilo. Pozungulira mzerewo panamera ntchito zina: maejenti othamanga ndi mafayilo, osintha ndalama, malo ogona ndi mabala. Mzere womwewo unathandizanso kufalitsa Edzi, nkhani imene a pamalire saikamba mokweza.

Mtendere wa ku Mozambique wa 1992 unabweza katundu wambiri ku Mwanza ndi ku Dedza, koma Mchinji sinafe. Mu Disembala 2022 atsogoleri a Malawi ndi Zambia a nthawiyo, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema, anatsegulira chipata chimodzi cha mayiko onse awiri, chomangidwa ndi ndalama za African Development Bank. Tsopano a msonkho a mayikowa, a MRA ndi a ZRA, amaonera katundu pamalo amodzi, dalaivala n'kuima kamodzi. Sitima imaoneka mwa apo ndi apo, pamene simenti ya ku Zambia ikulowabe pamatayala, kutsika ndi msewu wa M12 kupita ku Lilongwe.