Kuzunzana kwa achinyamata m'sukulu

Kuzunzana ndi mchitidwe woti wachinyamata, kapena gulu, amavutitsa mnzawo mwadala komanso mobwerezabwereza, podziwa kuti sangathe kudziteteza. Katswiri wa zamaganizo Dan Olweus, yemwe anayamba kufufuza nkhaniyi m'zaka za m'ma 1970 ku Sweden ndi ku Norway, anati chomwe chimasiyanitsa kuzunzana ndi ndewu wamba n'chakuti mbali imodzi imakhala ndi mphamvu kuposa inzake, kaya m'thupi, m'zaka kapena m'kuchuluka kwa anzake.

Mitundu yake

Kwina ndi kumenya ndi kulanda zinthu, kwina ndi kunyoza, kupereka mayina achipongwe, kusala ndi kufalitsa miseche. Masiku ano chipongwe chimatsatira mwana mpaka kunyumba kudzera pa WhatsApp ndi Facebook. Kawirikawiri ovutika kwambiri ndi ooneka mosiyana ndi anzawo, monga achialubino, aulumali ndi osauka.

M'sukulu za sekondale zogonera komweko ku Malawi muli mchitidwe wotchedwa kutiza. Ophunzira akale amachapitsa zovala a Fomu 1, kuwalanda shuga, sopo ndi chiponde zomwe makolo anawapatsa, kapena kuwadzutsa pakati pa usiku kuti avine. Mchitidwewu sutha msanga chifukwa wotizidwa chaka chino amadikira kudzabwezera kwa obwera chaka chamawa.

Kukula kwa vutoli ndi zotsatira zake

Lipoti la UNESCO la 2019 linapeza kuti pa dziko lonse ophunzira 32 mwa 100 alionse anali atazunzidwapo ndi anzawo m'mwezi umodzi kafukufuku asanachitike, pomwe m'mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anali pafupifupi 48. Wozunzidwa amajomba, amatsika m'kalasi, sagona tulo, ndipo ena amafika poganiza zodzipha. Ku Norway, imfa za anyamata atatu omwe anadzipha mu 1982 atazunzidwa ndi anzawo ndi zomwe zinachititsa boma kuyambitsa kampeni ya dziko lonse mu 1983.

Kupewa

Wozunza amalimba mtima ndi anthu oonerera. Ndondomeko ya KiVa, yomwe inakonzedwa pa yunivesite ya Turku ku Finland, imaphunzitsa ophunzira kusaseka nawo, kuima ndi wozunzidwa ndi kukanena, chifukwa wozunza akasowa omuchemerera chidwi chimamuthera. Kuonjezera apo, sukulu imafunika malamulo odziwika kwa aliyense, aphunzitsi oyendera kumahositelo, kuzimbudzi ndi kumalo odyera, komanso njira yodandaulira mwachinsinsi kuti wonena asaope kubwezeredwa.

Zoyenera kuchita zikachitika

Makolo amvetsere mwana modekha, osanena kuti "limba mtima, tonse tinadutsamo" kapena kulimbikitsa mwana kubwezera. Alembe tsiku, malo ndi zomwe zinachitika, asunge mauthenga a pafoni ngati umboni, kenako akaonane ndi mphunzitsi wamkulu. Wozunzayo nayenso amafunika uphungu, osati chilango chokha, pakuti ena amakhala akuchitiridwa nkhanza kwawo.

Ku Malawi mwana akhoza kuimba kwaulere pa nambala ya 116. Nkhani zovulazana, zogwiririra kapena zoopseza zimapita kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuvutitsa munthu kudzera pa intaneti.