Njerwa za Kamuzu M'maso mwa Mmisiri wa ku Chitakale

Kuno ku Mulanje, kumene chiperoni chimanyowetsa khoma sabata yathunthu, ntchito yachinyengo sibisala. Pulasitala amafufuma, ndere zimakwera, mitengo ya denga imawola, pokhapokha ikhale ya mkungudza wa m'phiri. N'chifukwa chake ife amisiri a kuno tikafika panyumba, maso amathamangira kumaziko ndi kumizere ya njerwa tisanafunse n'komwe mwini wake. Ndi maso omwewo ndinayendera zimene anamangitsa Kamuzu Banda, ndipo ndinene mosapsatira: zina anazimanga bwino zedi.

Kamuzu Academy ya ku Mtunthama, ku Kasungu, imene inatsegulidwa mu 1981, ndiyo imandimanga lilime. Makonde ake ali ndi zipata zokhota pamwamba, ndipo aliyense amene anagwirapo chipande cha matope akudziwa kuti kukhotetsa njerwa si masewera: ukaphonya imodzi, zonse zimakuyalutsa. Pamenepo sanaphonye. Mizere njowongoka, nyumba zikuyang'ana dziwe, mphepo ikuyenda bwino m'makonde. Komatu anaimangira ana ochepa osankhidwa m'boma lililonse, kuti aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki kwa aphunzitsi achizungu okhaokha, pamene ana a anthu othyola tiyi ku Lujeri ankalemba pansi ndi chala.

Mnzanga wina wa cha ku Muloza safuna n'kumva komwe ndikamayamikira njerwazo. Iye ndi wa Mboni za Yehova. Boma litaletsa mpingo wawo mu 1967, nkhani yake ili yokana kugula khadi la chipani, ayufi ankatentha nyumba za Mboni, ndipo mabanja ambiri a kuno anathawira ku Milange, ku Mozambique. "Achimwene," amatero, "inu mumawerenga nyumba zimene anamanga. Nanga zimene anatentha adzawerenga ndani?" Sindimutsutsa. Ndimangoti amene anasenza njerwa ku Mtunthama, n'kumangirira chingwe m'mawa uliwonse, anali amisiri ngati ine, ndipo luso lawo silinali la chipani.

Kumene ndimagwirizana naye, ngakhale tifikako podzera njira zosiyana, ndi pa nyumba yachifumu ya ku Lilongwe, imene lero akuti Kamuzu Palace. Anaiyamba m'ma 1970, zipinda pafupifupi 300, ndipo mwini wake anagonamo masiku owerengeka chabe, poti mtima wake unali ku Sanjika, pamwamba pa phiri ku Blantyre. Apa sindifunikanso kutchula za ndale kuti ndiigwetse. Nyumba imayesedwa ndi ntchito imene ikugwira, ndipo iyi inasowa ntchito ikadali yatsopano. Bakili Muluzi anakana kukhalamo, aphungu a Nyumba ya Malamulo n'kumakumaniramo, mpaka Bingu wa Mutharika anawasamutsa mu 2004 kuti alowemo yekha. Kukula kwake sikunachokere pa chosowa chilichonse, kunachokera poti panalibe mmisiri kapena nduna yolimba mtima n'kunena kuti, "Bwana, zakwana." M'masiku amenewo mawu otere ankatha kumusowetsa munthu.

Capital Hill ndiyo yapakati. Likulu linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, ndi ngongole ya boma la tsankho la South Africa, Britain itakana kuthandiza. Maofesi ake ngaudongo, ofanana okhaokha, ozunguliridwa ndi mitengo. Koma yesani kuchoka ku Kawale wapansi kukasainitsa kalata kumeneko, mudzadziwa kuti wojambula mapulani ankaganizira munthu wa galimoto.

Ku Blantyre maso a mtsogoleri anasanduka lamulo: nyumba yakale imene sinamukondweretse ankaipaka nyenyezi yofiira pakhoma, kutanthauza kuti mwini wake aigwetse kapena aimangenso.

Pali nyumba ina imene anthu oyamikira zomangamanga za nthawiyo amailumpha dala: ndende ya Mikuyu, ku Zomba, kumene Jack Mapanje anatsekeredwa kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Nayonso inamangidwa ndi amisiri, ndi chingwe ndi levulo, ndipo mosiyana ndi nyumba yachifumu ija, iyo sinasowepo ntchito m'masiku a Kamuzu. Nditati ndiiyese ndi muyeso womwe ndagwetsera inzake, ikhoza mayeso. Mnzanga wa ku Muloza atamva ndikunena zimenezi anaseka kwambiri, n'kundifunsa ngati ndikanailandira ntchitoyo akanandiitana. Mu 1973, ndili ndi ana ofuna fizi, ndikanapita.