Waya wa Rhodes ndi Nthambo za Makono

Anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi anayamba kumva za waya wonyamula mau nthaŵi ya Atsamunda itangoyamba. Waya ameneyu sanali wa boma ai, anali wa kampani. M'chaka cha 1892 Cecil Rhodes anakhazikitsa kampani ya African Transcontinental Telegraph, pofuna kuti uthenga wa lamya uzichoka ku Cape Town ndi kukafika ku Cairo. Amtengatenga anasenza mizati yachitsulo, popeza yamitengo ikadatha ndi chiswe. Waya anadzera ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi, natsata gombe la nyanja mpaka ku Karonga. Ku Cairo sanafike. Anathera ku Ujiji, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika.

Pa Domira Bay panapatuka nthambi imene inakwera zitunda za Dowa kuloŵera kumadzulo mpaka ku Fort Jameson, Chipata wa lero. Kumeneko kunali likulu la kampani ina ya Rhodes, British South Africa Company, m'dziko la North-Eastern Rhodesia. Waya analondola kumene kunali ntchito ya mwini wake. Munthu wa ku Visanza, dzina lakale la boma la Ntchisi, akakhala ndi mau ofulumira, mauwo ankayenda ndi mapazi a mthenga kufikira atapeza nyumba ya lamya.

Papita zaka zoposa 120, waya wasanduka nthambo ya galasi yonyamula kuŵala, koma mchitidwe uja udakalipo. Makampani akuluakulu monga Amazon, Microsoft ndi Google ali ndi nyumba zodzaza ndi makompyuta zimene amabwereketsa kwa mabanki, maboma ndi amalonda kuti azisungiramo zinthu zawo. Ntchito imeneyi imatchedwa cloud, ndipo nyumba zomangidwa m'dera limodzi zimaŵerengedwa chigawo chimodzi. Microsoft inatsegula zigawo zake ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. M'Malaŵi muno makampani atatuŵa alibe chigawo.

Nanga uthenga umayenda bwanji kuchoka ku chigawo cha Johannesburg kupita ku cha London? Njira zilipo ziŵiri. Yoyamba ndi intaneti ya aliyense, pamene uthenga umapatsiridwa kuchoka ku kampani ina kupita ku inzake motsata dongosolo lotchedwa BGP, limene linalembedwa mu 1989. Dongosololi limaŵerenga makampani ali panjira ndi mapangano awo a malonda, koma siliona kuti nthambo yakutiyakuti yadzaza. Kaŵirikaŵiri kampani iliyonse imafuna kutula katunduyo msanga kwa inzake kuti isawononge ndalama, monga wamtengatenga wongofuna kufika pa malire a mfumu yake.

Njira yachiŵiri ndiyo ikadamkondweretsa Rhodes. Kampani imayala nthambo zakezake, kapena kugula gawo la nthambo zodutsa pansi pa nyanja yamchere, ndipo uthenga ukaloŵamo sutulukanso kufikira utayandikira kumene ukupita. Poti nthambo zonse ndi za mwini mmodzi, makompyuta oyang'anira amaziona pamodzi, nayesa katundu ali pa iliyonse. Zofulumira, monga mau a anthu amene akulankhulana, zimatsogola. Zolemera koma zosathamangira, monga zosungidwa zimene zikukoperedwa ku chigawo china, zimadikira mpata, ndipo zingathe kuzungulira njira yaitali. Nthambo ina ikaduka, katundu amasamutsidwira pa ina m'kanthaŵi kochepa. Google inalongosola poyera mu 2013 makonzedwe ake otere, otchedwa B4, ndipo pambuyo pake inayala nthambo yake ya Equiano kuchokera ku Portugal kufika ku South Africa.

Komatu msewu wa mwini uli ndi chipata, ndipo chipatacho sichili pa Malomo kapena pa Mponela. Mlimi wa soya ku Ntchisi akatumiza chithunzi pa foni, chimakwera pa nsanja ya kampani ya mafoni, n'kutsikira pa nthambo za m'dziko muno, zina mwa izo zoyalidwa pa mizati ya ESCOM. Kenaka chimatuluka m'dziko kudzera ku Tanzania, ku Mozambique kapena ku Zambia, pakuti Malaŵi alibe gombe la nyanja yamchere. Ulendo wonsewu ndi wa pa nthambo za eni ena, ndipo ndi pamene pamagona mtengo ndi kuchedwa.

Izi zinaoneka pa 12 May 2024, pamene nthambo ziŵiri za pansi pa nyanja, EASSy ndi SEACOM, zinaduka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal. Makompyuta a m'zigawo za Johannesburg ndi Cape Town sanazime, koma ku Malaŵi, ku Mozambique ndi ku Tanzania intaneti inayenda mokwaŵa, ndipo kukonza kwake kunadikira sitima yapamadzi yokavuula nthambozo ndi kuzilumikiza.