Paki ya Onse Koma Yotalikira: Mbiri ya ku Johannesburg

Ambiri mwa ife ophunzira akale tinakula tikumva nkhani za ku Joni kuchokera kwa agogo ndi amalume athu amene anapita ku Wenela. Iwo ankasimba za migodi ndi zitupa, koma kawirikawiri sankatchula komwe munthu wakuda ankapumulira tsiku Lamulungu likafika. Nkhani imeneyo nayonso ili ndi mbiri yake.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, kampani ya migodi ya Wernher, Beit & Co. inapereka malo aakulu ku mzinda wa Johannesburg pokumbukira Hermann Eckstein, mmodzi wa eni migodi amene anamwalira mu 1893. Pamalopo ndi pamene anakhazikitsa malo osungirako nyama mu 1904, kenaka n'kukumbapo nyanja yaing'ono yotchedwa Zoo Lake. Popereka malowo panali pangano lakuti akhale otsegukira anthu a mitundu yonse.

Mu 1953 boma la tsankho linakhazikitsa lamulo lotchedwa Reservation of Separate Amenities Act, limene linalola kusiyanitsa azungu ndi anthu akuda m'mapaki, m'mabasi, m'madamu osambiramo ngakhalenso pa mabenchi. Lamuloli silinakakamize kuti malo a anthu akuda akhale ofanana ndi a azungu. Komabe chifukwa cha pangano lija, Zoo Lake inakhalabe yotsegukira aliyense pa nthawi yonse ya tsankho.

Tsono funso ndi lakuti: ndani ankatha kufikako? Pakiyi ili kumpoto kwa mzinda, pakati pa nyumba za anthu olemera. Mu 1955 boma linayamba kusamutsa mokakamiza anthu a ku Sophiatown, malo amene anali kufupi ndi mzinda, n'kukawataya ku Meadowlands, ku Soweto. Bambo wa kumeneko wofuna kukayendetsa ana ake ku paki ankafunika ndalama ya sitima kapena basi, chitupa m'thumba, ndiponso tsiku lathunthu. Chipata chinali chotsegula ndithu, koma mtunda ndiwo unkatsekereza.

Lamulo lija linathetsedwa mu 1990, koma kuthetsa lamulo sikumeretsa mitengo. Kumpoto kunali mthunzi wokhawokha pamene ku Soweto kunali fumbi louluka kuchokera pa milu ya dothi la m'migodi. Ndi chifukwa chake mu 2006 khonsolo ya mzindawu inayamba ntchito ya Greening Soweto, cholinga chake chili kubzala mitengo 200,000 mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010 usanafike. Malo monga Thokoza Park, pafupi ndi tchalitchi cha Regina Mundi, anakonzedwanso kuti anthu azipumulira kwawo komweko.

Anzathu okondedwa, pakati pathu pali ena amene lero ndi oyeza malo, makhansala ndi akuluakulu m'makhonsolo. Tonsefe tikukumbukira bwalo la mpira ndi mthunzi wa mitengo ya pasukulu, pomwe mwana wa mlimi ndi mwana wa bwana ankasewera limodzi. Pamene mukugawa mapuloti m'mizinda yathu, musangofunsa ngati paki ilipo. Funsaninso ngati mwana wa kumalo othithikana angathe kuyenda wapansi kukasewerako n'kubwerera kwawo dzuwa lisanalowe.