Adapha Dalaivala Uja Ndani?

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga akale, lero tikambeko mbiri ya buku lomwe lidazunguza ngakhale mlembi wake.

M'chaka cha 1939, Raymond Chandler adatulutsa buku lake loyamba, The Big Sleep. Ndi nkhani ya wofufuza milandu wa ku Los Angeles, Philip Marlowe, yemwe walembedwa ntchito ndi nkhalamba ina yolemera, General Sternwood. Nkhani ili mkati, dalaivala wa banjalo, Owen Taylor, akupezeka atafa m'galimoto yomira m'nyanja. Adachita kuphedwa kapena adadzipha yekha? Bukuli limatha osayankha.

Pomwe Howard Hawks ankajambula filimu ya bukuli, yomwe idatuluka mu 1946 muli Humphrey Bogart, adatumiza telegalamu kwa Chandler kufunsa funso lomweli. Mkuluyu adavomera kuti nayenso sakudziwa!

Chisokonezochi chili ndi gwero lake. Chandler adayamba ndi nkhani zifupizifupi m'magazini ya Black Mask. Polemba bukuli adatola ziwiri, Killer in the Rain ya 1935 ndi The Curtain ya 1936, n'kuzisoka pamodzi ngati zigamba, ulusi wina n'kutsala lende. Mtima wake udali pa kukometsa chochitika chilichonse ndi mayankhulidwe a anthu ake, osati kulumikiza zonse. Ndipo anthu akuliwerengabe mpaka lero.

Ife a ku Lilongwe zotere sizachilendo. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, mabuku a James Hadley Chase ndi a Pacesetters ankayenda dzanja ndi dzanja. Ena ankachokera ku National Library ku City Centre, ena kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu ku Old Town. Pofika kwa munthu wakhumi, chikuto palibe, masamba omaliza adathothoka kalekale. Komabe ana asukulu ankachezera nalo usiku, m'mawa n'kumatsutsana za mathero ake, aliyense ndi ake. Chingerezi cha ambiri chidakhwimira pamenepo.

Tsono aphunzitsi anzanga, mayeso a MSCE amafuna mwana afotokoze nkhani mwa ndondomeko, zimenezo tiziphunzitsebe. Koma mwana akabwera n'kunena kuti, "Aphunzitsi, bukuli landikomera koma mathero ake sindinawamve," tisamuyese mbuli. Timufunse pomwe padamukomera, kenako timupatse lina. Wowerenga amakula choncho.